Thandizeni: kusintha brake fluid pakhomo ndisananyamuke ulendo wa kumudzi

Mayi a ku Turffontein: Akuluakulu a mu gulu muno, ndili ku Johannesburg, ndili ndi Corolla ya 2012 yokhala ndi ABS (makina oletsa matayala kuloka mukaponda buleki mwamphamvu). Brake fluid wada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo pedal ikumveka yofewa. Disembala tikupita kumudzi kudzera ku Beitbridge titakoka ngolo. Kodi ndingasinthe pabwalo pano? Ndigule chiyani?

Makaniko wa ku Booysens: Mayi, n'zotheka bola mukhale awiri. Koma yambani mwayesa izi: lizani injini, pondani buleki n'kugwira osasiya. Pedal ikamatsika yokha pang'onopang'ono mpaka pansi, vuto ndi ma seal a mu master cylinder (pampu imene pedal imakankha kuti fluid apite ku matayala) kapena penapake pakudontha, ndipo fluid watsopano sakonza zimenezo. Ikaima malo amodzi koma yofewa, ndiye kuti muli mpweya kapena fluid watopa.

Werengani mtundu wa fluid pa chivindikiro cha kathanki ka brake fluid. Corolla zambiri za zaka zimenezo amalemba DOT 3, ndipo DOT 4 amalowa bwinobwino. Gulani lita imodzi, mabotolo awiri a 500 ml osatsegula, ku Midas, AutoZone kapena kwina kulikonse kwa ma spare. Mufunikanso kapayipi koonekera mkati kothina pa bleed nipple (kabawuti kotulutsira fluid ndi mpweya pa buleki ya tayala lililonse), botolo lopanda kanthu, sirinji yaikulu, sipanala ya ring (pa Toyota nthawi zambiri ndi 8 kapena 10 mm), jeke ndi ma stand. Musadalire jeke yekha.

Achimwene a ku Cosmo City: Ine ndimaona ngati kungopopa wa mu kathanki n'kuthira watsopano basi zakwana. Kugwiragwira ma nipple n'kudziputira mavuto.

Makaniko wa ku Booysens: Ayi achimwene. Fluid amene amapsa ndi amene ali mu ma caliper, zitsulo za ku matayala zimene zimapanikiza ma pad, ndipo sabwerera kumtunda kukasakanikirana ndi watsopanoyo. Fluid ameneyu amayamwa chinyezi cha mu mpweya. DOT 4 watsopano amawira pa 230°C, koma akamwa madzi amatsika kufika cha ku 155°C. DOT 3 amachoka pa 205°C kufika pa 140°C. Tsono taganizani galimoto yodzaza katundu, ngolo kumbuyo, mukutsetsereka mapiri a Soutpansberg mutadutsa Louis Trichardt, phazi lili pa buleki. Madzi aja akawira amasanduka nthunzi, nthunzi imafinyika, pedal n'kungopita pansi galimoto osaima. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati muzisintha pakatha zaka ziwiri zilizonse, kaya mwayenda kwambiri kaya ayi.

Bambo a ku Kempton Park: Ndiwonjezere kachitidwe kake. Injini ikhale yozima. Popani fluid wakale mu kathanki ndi sirinji koma musiyeko pang'ono pansi kuti timabowo tisaonekere, kenako dzazani watsopano mpaka pa MAX. Thirani fluid pang'ono mu botolo lija, nsonga ya payipi imire m'menemo, nsonga inayo ivale pa nipple.

Mnzanu wa mkati mwa galimoto aponde pedal katatu, agwire, anene kuti "ndagwira". Inu tsegulani nipple pang'ono chabe, kota ya kuzungulira, fluid atuluke, mutseke, ndiye muwauze asiye. Akasiya pedal nipple ili yotsegula, mpweya ukhoza kubwerera mkati. Bwerezani mpaka mu payipi muzidutsa fluid woyera wopanda thovu. Mukatsegula kanayi kapena kasanu, kaoneni kathanki n'kuwonjezera. Apa mpomwe anthu ambiri amagwa nayo: kathanki kakauma mpweya umalowa mu ABS, ndipo nthawi zambiri kuutulutsa kumafuna makina a diagnostic oti azungulitse pampu yake. Pamenepo ntchito ya pabwalo yatha, mukupita ku galaja.

Ikani thabwa pansi pa pedal kuti isamafike pansi penipeni. Pa galimoto yakale, kumapeto kwa master cylinder kumene piston sifikako masiku onse kumakhala dzimbiri, ndipo seal ikadutsa pamenepo imang'ambika.

Mayi a ku Turffontein: Zikomo bambo. Nanga ndiyambire tayala liti? Pa YouTube akunena la kumbuyo kumanja.

Bambo a ku Kempton Park: Mavidiyo ambiri ndi a ku America, komwe chiwongolero chili kumanzere. Lamulo lakale ndi kuyambira tayala lakutali ndi master cylinder, kutsirizira lapafupi. Yanu master ili kumanja, ndiye lakutali ndi la kumbuyo kumanzere. Koma pa galimoto ya ABS mapayipi amachokera pa bokosi la ABS, choncho ngati buku la galimotoyo lanena dongosolo lake, tsatirani bukulo.

Makaniko wa ku Booysens: Za ma nipple, achimwene a ku Cosmo City sananame kwenikweni. Ndi obowoka mkati, sachedwa kuduka. Chotsani kachipewa ka labala, pukutani ndi bulashi ya waya, thirani Q20 (mafuta opopera omasula dzimbiri) usiku woti mawa mugwira ntchito. Ikakana musaikakamize ndi sipanala yotsegula kukamwa, mungoidya makona. Pomanga, 8 mpaka 10 Nm basi pa sipanala yoyeza kumanga, dzanja lopepuka.

Ndipo musagule DOT 5 poganiza kuti nambala yaikulu ndiye yabwino. Ameneyo ndi wa silicone, sasakanikirana ndi enawa, komanso si wa galimoto za ABS. DOT 5.1 ndi wina, iyeyo amagwirizana ndi 3 ndi 4. Mafuta a injini, a giya (ATF) kapena a power steering asakhudze kathankiko ngakhale dontho, amatupitsa malabala onse. Sirinji ikhale yatsopano.

Achemwali a ku Yeoville: Fluid akadonthera pa bodi tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, amadya penti. Wakaleyo ndi poizoni, musasiye botolo pomwe pali ana kapena agalu, musathirenso mu dreni. Tsekani mukasiye ku galaja. Mukamaliza pondani buleki galimoto ili chiimire, pedal ilimbe. Yang'anani nipple iliyonse ngati yauma, mangani mawilo, ndiye muyese pang'onopang'ono mu msewu wa pakhomo musanalowe msewu waukulu wa M1. Musanamange matayalawo, poti adzakhala atachotsedwa kale, onaninso ma pad: akatsala 3 mm sinthani ulendo usanafike.