Japanese maple wanga akupsa masamba, thandizeni

Moni nonse a m'gulu muno. Ndili ndi kamtengo ka Japanese maple, kaja ka masamba ofiira ogawikana ngati zala, kali mu poto pakhonde kuno ku Zomba, mtauni momuno osati kumtunda kwa Ku Chawe kozizira kuja ayi. Chiyambireni kutentha kwa Okutobala masamba akuuma m'mphepete n'kumapiringizika, madzi ndikuthirira mmawa uliwonse koma palibe chikusintha, ndiye kaya ndi dzuwa lamasana kaya ndi mphepo youmayi? Ndikudziwa kuti kwawo ku Japan ndi Korea mitengoyi imakonda kamthunzi komanso dothi lachinyontho losasunga madzi, nanga kuno ndingakaike pati?

Ndimafuna kukaoka pansi mvula ikangoyamba, koma ena akuti ndidikire June kapena July kakayoyola masamba. Zoona zake ndi ziti? Komanso kodi kuzizira kwa mtauni muno kumakwana kuti kapume bwinobwino, kapena kazingonyentchera chaka ndi chaka?

Dothi la pakhomo pano ndi katondo, likauma limalimba zedi. Ndikuganiza zosakaniza kompositi ndi mchenga pang'ono, pamwamba n'kuphimbira masamba a paini poti kuphiriku ngosasowa, koma chiswe ndiye ndikuchiopa kwambiri, chinandithera kale maluwa. Feteleza wa chimanga sindikufuna kuyerekeza, angakatenthe mizu.

Alipo amene anaudzalapo mtengowu kuno kapena ku Dedza ukukula bwino? Ponyani ndi zithunzi zomwe chonde.