Kuphunzitsa mwana pakhomo, zimatheka?

NaBanda wa ku Chinamwali: Abale ndithandizeni, mwana wanga ali sitandade 3 koma kuwerenga sakutha, mkalasi mwawo adzazamo ngati minibasi ndiye ndikuganiza zongomuchotsa ndizimuphunzitsa ndekha pakhomo. Alipo anayesapo?

Bambo a ku Matawale: Mayi musamuchotse. Chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 makalasi ndi odzaza basi, ife tinangopeza aphunzitsi a patitaimu masana, pano wathu akuwerenga bwinobwino.

Achemwali a ku Sadzi: Ine ndinayesa mu 2020 masukulu atatsekedwa chifukwa cha Covid, eeh sizamasewera, geni yanga ya mandasi inaima nji. Komanso mwana amapukwa anzake.

Mphunzitsi wopuma: Nanga mayeso a sitandade 8 adzalemba bwanji? Kafunseni kaye ku MANEB, likulu lawo lili mu Zomba mommuno.

NaBanda wa ku Chinamwali: Zikomo aphunzitsi, ndipitako Lolemba.