"Chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu": kodi mayi ankandidzudzula?

Akuluakulu, ndithandizeni kumasulira mwambi uwu: "Chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu." Ndinkaumva kuyambira ndili mwana, koma masiku ano ukundisowetsa tulo.

Mayi anatisiya mu Julaye chaka chatha kwathu ku Mulanje, cha ku Limbuli, atavutika ndi matenda oiwalaiwala kwa zaka zinayi. Zinayamba ngati zocheza: kuthira mchere kawiri m'nandolo, kusiya nsima pamoto n'kupita kudimba. Pamene namondwe wa Freddy ankatigwetsera nyumba mu Malichi 2023, n'kuti mayina athu atawataya kale. Adzukulu awo enieni, amene anawalera kumsana, ankawafunsa kuti, "Ndinu ana a yani inu?" Ine ankanditchula achimwene, kundiyesa malume athu amene anamwalira kalekale. M'mbandakucha ankadzuka, kumanga chitenje, n'kuyamba kufunafuna dengu, ati achedwa kothyola tiyi, kapitawo awadula tsiku. Chonsecho ntchito ya kuesiteti anaisiya ine ndisanakwatire.

Koma mwambi uwu wokha sanautaye. Ndikatsika minibasi kuchokera ku Limbe, shuga ndi sopo zili m'jumbo, n'kunjuta pakhonde kuti ndiwapatse moni, ankandiyang'anitsitsa, kenako n'kumwetulira: "Chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu." Basi. Mlongo wanga amene ankagona nawo nyumba imodzi sanauzidwepo mawu amenewa. Ine ndekha.

Ndisabise, ali bwinobwino sindinkapitako kawirikawiri. Ndinkapita chimanga chikatha kutauni, ndiponso chaka chimene ntchito inandithera ndinakawasiyira ana awiri. Ndiye funso langa ndi ili: kodi nkhwangwayo anali iwo, wozizidwayo n'kukhala ine?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza:
Pepani ndi maliro, mwanawe. Tanthauzo lake lili pa nkhwangwa pomwepo. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, palibe amene amaifuna; imagona kuseri kwa nkhokwe, chiswe n'kumadya mpini. Koma ifike Juni, chiperoni chitaphimba phiri lonse, kamvula kakuwaza masiku atatu osaleka, timitengo totola sitikwanira. Pamafunika chikuni chogona ndi moto mpaka m'mawa, ndipo mumamva bambo akufunsa pabwalo, "Nkhwangwa yanga anabwereka ndani?" Ndiye kuti munthu kapena chinthu timachikumbukira tikapanikizika. Inde ndi mwambi wodzudzula, koma akulu ankaunenanso mocheza kwa mbale wosowa, ngati mmene ife timanenera kuti "mwasowatu, lero kugwa mvula." Inu mwati ankamwetulira. Kumwetulirako musakutaye.

Mayi wa ana anayi, Thekerani:
Achimwene, tisanamizane. Akulu salavula mawu pachabe. Ine ndinasamala apongozi anga zaka zitatu ndi matenda omwewa. Kusambitsa ine, kuchapa zofunda usiku ine, kukawasaka m'minda ya nthochi akasochera ine. Ana awo aamuna ankabwera pa Khirisimasi ndi kajumbo ka shuga, n'kujambulitsa nawo pafoni. Mwambiwo unali wanu ndithu. Ndipo mlongo wanuyo munamuthokoza?

Namwino, Mulanje Boma:
Amayi a ku Thekerani alankhula zoona za osamala odwala, koma ndionjezeko mbali ya matendawa. Matenda oiwalaiwalawa, amene pa Chingerezi amati dementia, si ukalamba chabe ayi, ndi matenda a ubongo. Mtundu wake wofala kwambiri ndi Alzheimer's, dzina lochokera kwa dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anaufotokoza mu 1906. Chimayamba kufufutika ndi za posachedwa, monga zimene wadya m'mawa kapena amene wabwera dzulo. Za kale zimatsalira: nyimbo za kutchalitchi, miyambi, ntchito ya pa utsikana, chilankhulo cha ku ubwana. N'chifukwa chake ankafuna dengu la tiyi. Mwanena nokha kuti ankakuyesani malume anu. Ngati pamaso pawo panali mchimwene wawo, mwina mwambiwo unkapita kwa iyeyo. Tafufuzani kuti malumewo anali munthu wotani.

Ndipo ndipemphe onse owerenga: agogo otere akapezeka pakhomo pa eni usiku, osavala bwino, akulankhula zosamveka, asochera basi. Ambiri amamenyedwa ati agwa pa ndege ya ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Afunditseni chitenje, muwaperekeze kwawo.

Mnyamata wa pa Chitakale:
Agogo anga ankati "chakumbutsa nkhwangwa ndi chisanu". Cholondola n'chiti, aphunzitsi?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza:
Zonse n'zimodzi. Miyambi inayenda pakamwa isanafike m'mabuku.

Wofunsa uja:
Zikomo nonse. Anamwino, za chilankhulo mwalasa. Chaka chomaliza mayi anabwerera ku Chilomwe, chimene ife ana timangomva apa ndi apo, moti ankaitanitsa kalongonda ife n'kumayang'anana. Amene ankacheza nawo bwino ndi anganga ena oyandikana nawo nyumba.

Za malume ndinamuimbira mlongo wanga usiku. Akuti anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za kumigodi, mayi akali mtsikana, ndipo kalata sankalemba. Ankangotulukira ndalama zikatha kapena chifuwa chikawagwira, atanyamula kasutikesi ndi bulangete limodzi, ndipo agogo athu ankawalonjera ndi mwambi womwewu. Mayi ankawakonda kwambiri achimwene awowo, ankawaphera nkhuku ngakhale abwere chimanjamanja. Mtima unatsikako pang'ono nditamva zimenezi, ngakhale ndikaganiza bwino, kusiyana kwa ine ndi malumewo ndi mtunda chabe: iwo Joni, ine Limbe, ulendo wa maola awiri.

Amayi a ku Thekerani, funso lanu lija sindinaliyankhe. Ayi, sindinamuthokoze. Ndipo dzulo, asanandiuze za malume, anayamba wandifunsa kuti ndinamuimbira liti komaliza. Ndinawerenga, inali miyezi itatu. Anaseka, kaseko ka mayi kenikeni, n'kunena kuti, "Nanga lero chakuzizirani n'chiyani, achimwene?"