Golf cart ya batire kapena ya petulo pa famu ya nyama ku Limpopo? Ndithandizeni

Membala wosatchula dzina
Akuluakulu a pa gulu, makamaka inu a m'magalaja ndi m'mabwalo a gofu kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Ndine kapitawo pa famu ya nyama zakutchire kufupi ndi Lephalale. Abwana akufuna kugula golf cart, kagalimoto ka pa bwalo la gofu, yogwirapo kale ntchito kuti tiikonze ikhale ya pa famu, ndiye ati ndisankhe ndine poti woyendetsa tsiku ndi tsiku ndi ine ndemwe.

Ntchito yake izikhala kuyendera mpanda ndi zomwera nyama m'mawa, ndi kukatula lucerne (msipu wodyetsa nyama) ndi mchere wonyambita udzu ukauma. Koma chenicheni ndi alenje. Nyengo yozizira timalandira alenje a uta ndi mivi, omwe amabisala m'tinyumba ta pafupi ndi madzi. Tikawatula ndi bakkie ya dizilo, ngoma ndi nswala zimabalalika, munthu nkukhala mpaka dzuwa pamutu osaona ndi njiri yomwe.

Taona ziwiri: Club Car Precedent ya batire, 48V, yochokera ku bwalo la gofu, ndi Yamaha G29 ya petulo. Ndalama ikukwana imodzi ndi zosintha pang'ono. Mwana wa abwana waonera za ku America pa YouTube, ndiye akufuna yokwezedwa mainchi 6, matayala a mainchi 23, mpando wina kumbuyo ndi poika mauta. Kwathu kuno ndi mchenga wofiira, minga ya zitsamba za sekelbos paliponse, ndi kaphiri kamodzi ka miyala. Titenge iti, ndipo tiyambe kusintha chiyani?

Makaniki wa ku Polokwane
Achimwene, pa ntchito ya alenjeyo Club Car ndiye yake. Chasisi yake ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri ngakhale asidi adonthere. Koma musakopeke ndi penti. Pogula ya batire, chomwe mukugula kwenikweni ndi mabatirewo. Tukulani mpando muwerenge: muzapeza asanu ndi limodzi a 8V kapena anayi a 12V. Ngati ndi a kampani ya Trojan, pa mutu wa negative pamakhala chilembo ndi nambala. Chilembocho ndi mwezi, A ndi Januwale, B Febuluwale, ndipo nambalayo ndi yomaliza ya chaka. Akakhala apitirira zaka zinayi pa bwalo la gofu, chotseranitu mtengo wa atsopano pa ndalama yomwe wogulitsa akutchula. Chaka cha galimotoyo chili pa serial: zikatha zilembo zoyamba, manambala awiri otsatirawo ndiye chaka.

Dalaivala wa Thabazimbi
Ine ndikana pamenepo. A Polokwane akulankhula ngati famu ndi bwalo la gofu, poti udzu wometa bwino ndi soketi pakhomo. Batire ikakuthera kumapeto kwa mpanda madzulo, uli ndi mlendo wochokera kunja, uitana ndani? Ya petulo umangonyamula kachigubu ka malita asanu basi. Komanso anthu sadziwa kuti injini ya golf cart siilira ukaima. Ukachotsa phazi imazima yokha, ukaponda imadzuka. Ndi ka 357cc chabe, sikafanana ndi dizilo mpang'ono pomwe.

Makaniki wa ku Polokwane
Zoona akulu, koma kudzuka kwakeko ndiye phokosolo, ndipo utsi wa petulo umatsalira pamalopo. Mlenje wa uta amafuna nyama ifike mamita 20 kapena 30. Afunseni kaye mwini funso kuti amayenda mtunda wotani pa tsiku tisanakangane.

Membala wosatchula dzina
Mpanda wonse sindiuzungulira tsiku limodzi, ndimaugawa. Tinyumba ta alenje tonse tili pafupi ndi kampu. Magetsi tili ndi a Eskom ndi sola.

Mayi wa pa lodge
Bambo, ine sindidziwa za injini koma nyama ndazionerera nthawi yaitali. Zimazolowera galimoto yomwe imabweretsa chakudya. Kaya mugula iti, muziperekera lucerne pa yomweyo kuyambira nyengo ya alenje isanafike. Zikaizolowera sizithawira kutali, zimaima pa tchire kudikira muchoke. Ndipo potula mlenje musaime nthawi yaitali nkumacheza, atsike alowe, inu mupitirire.

Wa Ngolo
Gulani abulu awiri ndi ngolo amwene, safuna kutchaja 😂

Wokonza ma cart ku Pretoria
Ine ndiyankhe za mwana wa abwanayo, chifukwa ndi pomwe ndalama zimatayikira. Golf cart imabwera ndi matayala a mainchi 18. Mukaika a 23, liwiro limakwera koma mphamvu yokoka imatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo asanu. Pa tala simungazindikire. Mu mchenga, muli anthu atatu ndi mabelo, controller, kabokosi kogawa mphamvu ya mabatire kupita ku mota, imatentha nkuyamba kudula mphamvu, ndipo mabatire amatha msanga. Ndiye mumapezeka mukugulanso controller yaikulu ya Alltrax kapena Navitas, mawaya okhuthala ndi solenoid (switchi yaikulu ya magetsi) yamphamvu. Zonsezo pa YouTube sakuonetsani, amangoonetsa matayala akunyezimira.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi cha moyo wanu: zambiri mwa izi zili ndi mabuleki kumbuyo kokha, ndipo ndi zopapatiza. Mukaikweza mainchi 6, nkukhazika anthu awiri kumbuyo kwa ekiselo, kutsogolo kumapepuka. Pa kaphiri ka miyala kaja mukadutsa chopingasa, kugudubuzika sikuchedwa. Ine ndikanakweza mainchi 3 basi, matayala a 20 okhuthala a 6-ply, nkuthiramo mankhwala omata mabowo m'matayala onse. Sekelbos imaboola ndi tayala la bakkie lomwe, nanji la pa gofu lopyapyala lija. Kumbuyo ikani masipuling'i olimba ndi bokosi lonyamulira katundu. Pansi pa mabatire ndi mawaya ikani chitsulo chotchinga zitsa.

Membala wosatchula dzina
Zikomo kwambiri akulu, izi ndikawerengera abwana momwe zililimu. Nanga kunyamula nyama yophedwa? Iwo akuganiza kuti tiziikweza pomwepo.

Wokonza ma cart ku Pretoria
Nswala kapena njiri palibe vuto. Ngoma yamphongo kapena nyumbu imapitirira makilogalamu 200, ndipo mabatire okha pansi pa mpando akulemera kale pafupifupi 170. Onjezanipo inuyo ndi mlenje. Komanso imakoka ndi matayala akumbuyo okha, limodzi likayamba kuzungulira pa mchenga linzake limangoima, mwatitimira. Nyama ikagwa phokoso silikhalanso nkhani, itanani bakkie. Ngati abwana akufunadi yonyamula katundu, afufuze Club Car Carryall, imeneyo anaipangira ntchito yomweyo.

Mlongo wanu wa ku Bela-Bela
Palibe watchula kutentha. Lephalale chilimwe imafika 40 ndi kupitirira, madzi a m'mabatire amauma msanga. Muzitsegula pafupipafupi, muthire madzi a batire enieni, osati a pa borehole, ndipo muthire mukamaliza kutchaja. Ndalama yoikwezera ija bola isungidwe, mabatirewo akadzatha mudzaike batire ya lithium. Ndi yopepuka kwambiri, siifuna madzi, ndipo mphamvu siigwa pokwera phiri batire ili theka.

Dalaivala wa Thabazimbi
Chabwino, ngati tinyumbato tili pafupi ndi kampu ndagonja. Koma magetsi owunikira musalumikize pa mabatire awiri okha monga amachitira ena, awiriwo amafa msanga nkupha anzake. Gulani kochepetsa 48V kukhala 12V. Ndipo musamapite nayo ku shopu pa msewu wa boma, a traffic sakusiyani.

Membala wosatchula dzina
Loweruka tikukaiona Club Car ija, wogulitsa wavomera kuti tiyese. Mwanayo sanasangalale za matayala koma bambo ake amva. A Polokwane, mabatirewo ndikawayese bwanji? Ka multimeter koyezera magetsi ndili nako.

Makaniki wa ku Polokwane
Muuzeni aitchaje usiku wa Lachisanu nkuichotsa pa chaja m'mawa. Onse pamodzi awerenge cha m'ma 50.9V, lililonse la 8V cha m'ma 8.5. Koma ili chiimire batire lakufa limanamanso. Kwerani atatu, pezani chitunda, wina agwire timawaya ta multimeter pa batire limodzi mukukwera, mubwereze mpaka onse atha. Lomwe likugwa kwambiri kuposa anzake ndiye lodwala. Onaninso ngati m'mbali mwatupa ndi ngati pa mitu pali ufa wobiriwira. Manambalawo muwajambule muponye pano musanapereke ndalama.