Cornea youmitsidwa mufiriza ingathandize munthu kuona?

Abale, makamaka madokotala ndi anamwino a maso, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Chinamwali kuno ku Zomba. Achimwene anga analasidwa ndi phesi m'diso pokolola chimanga. Chilonda chinapola, koma chinasiya chipsera choyera pa cornea, kachikopa koonekera kaja kakutsogolo kwa diso. Mankhwala odontheza akanika, ndipo akuti pafunika kuikapo cornea ya munthu amene anapereka maso ake atamwalira.

Ndawerenga kuti cornea yoti munthu aonere saiumitsa. Amaisunga m'madzi apadera, mufiriji ya madigiri 2 mpaka 8, kwa masiku osapitirira 14. Chifukwa chake n'chakuti kuseri kwake kuli timaselo timene timapopa madzi kuti cornea isachite mbuu. Ikauma gwa mufiriza, madzi oundana amawononga timaseloto, ndipo tikafa sitimeranso. Youmitsidwa, kapena yosungidwa m'mankhwala amadzimadzi otchedwa glycerol, amaigwiritsa ntchito potseka diso limene labooka, komanso pa opaleshoni yongosintha mbali yakutsogolo, timaselo ta wodwalayo n'kutisiya.

Apa m'pamene mutu wandiima. Chipsera chikakhala chapamwamba, youmitsidwayo ingawathandize kuona bwino, kapena tidikire yosaumitsa? Ineyo mtima uli pa yosaumitsa, koma masiku 14 ndi ochepa ikamachokera kunja, poganiziranso kuthimathima kwa magetsiku. Adokotala amadziwa bwanji kuti timaseloto tikadali moyo asanaiike?

Amene munapangitsako opaleshoni imeneyi, munayambira ku Zomba Central kapena ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens? Nanga ndalama tikonzekere zingati?