Pulani ya mafulati athu a ku Chinamwali yabwerako ku khonsolo

aPhiri (wapampando): Abale ndi alongo, mwaswera bwanji nonse. Pulani ija ya mafulati 12 a lendi amene gulu lathu likufuna kumanga ku Chinamwali, ku Zomba, yabwerako ku khonsolo. Sanaikane, komanso sanaidinde. Komiti yoona za mapulani yati tikakonze zinthu zisanu kenako tikaiperekenso. Akufuna ngalande ya miyala ndi simenti kumtunda kwa poloti, yoti izitenga madzi mpaka kungalande ya msewu. Sepitiki thanki akuti isunthe chifukwa yayandikira chitsime cha aneba athu akumunsi. Masitepe okwerera pamwamba akhale mbali ziwiri. Makomo a nyumba zapansi akhale oti njinga ya munthu wolumala itha kulowa. Chomaliza, malo oimika galimoto akhale 12, fulati iliyonse pake. Wojambula pulani wathu akuti zonsezi zikalowa, mafulati 12 aja sakwananso, atsala 8. Tiyeni tikambirane, koma mwaulemu.

aBanda (Joni): Eight? Akuluakulu, ife tikusonkha ndi thukuta kuno. Ndalama yomwe tinaika mu akaunti inadyedwa kale kawiri tili chikhalire, Meyi 2022 kwacha itatsika ndi 25 peresenti, Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mwezi uliwonse umene pepala likuzungulira, thumba la simenti likukwera. Komanso tayang'anani Chinamwali yonseyo, ndani anapita ndi pulani ku khonsolo? Anthu amangokumba fawundeshoni Loweruka, pakutha miyezi itatu alendi alowa. Ife ofuna kutsata lamulo ndi amene tikuvutika.

aMbewe (mmisiri): Achimwene aBanda, mawu anu akumveka, koma pa ngalande pokhapo musalimbane nawo. Ine ndinapita papolotipo mvula ikugwa. Madzi ochokera kuphiri amadutsa pakati penipeni, pamene wojambula anaika chipinda chochezera cha fulati yachitatu. Afukula kale kamkwasa kofika m'bondo, miyala ili pamtetete. Nyumba yosanja siyofanana ndi nyumba yapansi pa kulemera. Madzi akamalowa pansi pa fawundeshoni chaka ndi chaka, khoma limayamba ndi kamng'alu konga ulusi, mwini wake n'kumati ndi pulasitala chabe. Ngalandeyo ngakhale akanapanda kuilemba, ine ndikanakana kuyala njerwa popanda iyo.

Agogo aNkhoma: Ana inu, Zomba musamaiyese malo wamba. Mu Disembala 1946 Napolo anatsika m'phirimu, anakokolola milatho ndi nyumba, anthu anafa. Makolo athu ankasimba akunjenjemera. Mu 1991 zinachitika ku Phalombe. Za Freddy mu Malichi 2023 nonse munaona, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Ena mwa iwo anali alendi, anthu amene sanasankhe pomanga nyumba, anangopeza khomo lotsika mtengo n'kulowa. Ife tikumanga kuti mugone ana a eni ake. Ngalande imangidwe.

aBanda (Joni): Agogo, pa ngalande ndagonja. Nanga galimoto 12?

aNachisale (msungichuma): Apo pokha ine ndili kumbali ya aBanda. Tinagwirizana kuti nyumbazi ndi za aphunzitsi a kupulaimale, anamwino ongoyamba kumene, amayi ogulitsa mumsika wa Zomba. Ndani mwa amenewa ali ndi galimoto? Amakwera kabaza kapena minibasi pamsewu wa ku Liwonde pompo. Titaye mafulati anayi kuti tisungire malo galimoto zomwe kulibe? Ndipo masamu ake ndi awa: ngongole ndi zokonzetsera sizichepa chifukwa mafulati achepa. Zomwe zikanagawidwa pa makomo 12 zigawidwa pa makomo 8, ndiye kuti khomo lililonse lisenza theka lina pamwamba. Lendi yotero mphunzitsi sangaikwanitse.

aMwale (mphunzitsi): Ndipo mukudziwa amene adzalowemo? Ana asukulu a ku yunivesite. Pitani ku Chikanda mukaone, malandilodi anasiya kalekale kuchititsa lendi nyumba, amachititsa lendi bedi. Chipinda chimodzi mabedi anayi, aliyense alipire pake. Banja silingapikisane ndi zimenezo. Sindikudana ndi ana asukulu, nawonso akusowa pogona, koma tikatero tisamanamizane kuti tamangira anthu ovutika a kwathu. Tidzakhala tamanga hositelo.

aBanda (Joni): Bwanji osangowaona akuluakuluwo ndi kangachepe, pepala lidindidwe?

aPhiri (wapampando): Ayi aBanda. Palibe amene watipempha kanthu, ndipo ife sitiyambitsa. Ndalama ya gulu ili ndi malisiti. Mawu amenewo mufufute.

aNambewe (Leeds): Ine ndilankhuleko za masitepe. Kuno nkhani ya Grenfell ku London sinaiwalike, Juni 2017, anthu 72 anafa ndi moto m'nyumba yomwe inali ndi masitepe amodzi okha. Utsi ukadzaza mmenemo, basi, kulibe kothawira.

aBanda (Joni): Achemwali, ija inali nyumba ya nsanjika 24. Yathuyi ndi imodzi yokha pamwamba. Munthu atha kudumpha.

aNambewe (Leeds): Inuyo mutha kudumpha. Mayi wapakati ali ndi mwana kumsana adumphe?

aNaphiri (Matawale): Pepani ndachedwa, netiweki. Ndawerenga zonse, ndipo ndatsegulanso pulani ija pafoni. Funso langa ndi limodzi, kwa wojambula ndi kwa a khonsolo omwe: anthu apamwambawo aziphikira pati?

Khitchini yomwe yajambulidwa ndi kakona kokhala ndi sinki ndi soketi ya kuka. Zabwino, koma tinene zoona. Magetsi akathima, kapena mayunitsi akatha pa 20, mayi amatenga mbaula. Ngakhale magetsi alipo, nyemba palibe amene amaziphika pa hotipuleti, mayunitsi angathe tsiku limodzi. Ndiye mbaulayo aiyatsira kuti? Khonde lapamwamba lija ndi kanjira chabe, anthu awiri sangapatukirane. Aika mbaula pamenepo, mwana akuthamanga, mphika wa phala uli pamoto. Kapena mu Juni kukazizira, Zomba mukuidziwa, ailowetsa m'nyumba n'kutseka mawindo, ndiye timamva aja agona osadzuka. Moto umene aNambewe akuopa uyambira pamenepo, pakhomo penipeni pa masitepe.

Sizokhazo. Thumba la makala azisunga pati? Zovala ndi matewera ayanika kuti? Madzi akasiya kutuluka, ndowa azikweza pamutu masitepe onsewo? Phulusa ndi zinyalala azitaya kuti, poti dzala silinajambulidwe? Pulaniyi ndi yokongola, koma anaijambulira munthu wodya kulesitilanti. Malo amene akufuna tiimikepo galimotowo ndi amene akanakhala bwalo: makhitchini apanja, chingwe choyanikira, mpopi ndi thanki, pokhomera njinga, posewerera ana.

aMbewe (mmisiri): Mayi, mwandichititsa manyazi ine mmisiri. Zimenezo zimatheka. Khonde lapamwamba tilikulitse, fulati iliyonse ikhale ndi kamalo kophikira kotseguka mbali imodzi, pansi pa konkire, kakhoma kofika m'chiuno. Thanki ikhale pansanja kuti madzi azifika pamwamba okha. Zidya simenti ndi zitsulo, koma sizidya malo ngati galimoto 12.

aNachisale (msungichuma): Simenti yomweyo ikundidetsa nkhawa. Paja bajeti yoyamba ija tinawerengera njerwa zowotcha, pomwe malamulo a 2018 a bungwe loona za zomangamanga la NCIC analetsa njerwa zimenezi pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Nyumba ya lendi ya gulu ngati yathuyi ndi bwino tiitenge ngati ili m'gulu lomwelo. Ndiye ndi mabuloko basi. Ndikonzanso bajeti yonse.

aMbewe (mmisiri): Musaope kwambiri. Buloko limodzi limatseka malo a njerwa zingapo, matope omangira amachepa, ntchito imathamanga. Chofunika tiumbe tokha papoloti ndi kuwathirira madzi masiku okwanira. Ogula m'mbali mwa msewu ena amachulutsa mchenga, ukaligwetsa limangoti phwa. Ndipo mitengo yowotchera njerwa ndi yomweyo yatha m'mapirimu, n'chifukwa chake madzi akutsika mwaukali chonchi.

aMwale (mphunzitsi): Za sepitiki palibe wanenapo. Ine ndikuti isunthe, tisataye nthawi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kwathu kuno kulibe paipi ya suweji, ndipo chitsime chija amamwa mabanja angapo mipopi ikauma. Mabanja 12 akamagwiritsa ntchito thanki imodzi pamtunda pa chitsime, tidzayankha chiyani kwa aneba?

aBanda (Joni): Chabwino. Ngalande, sepitiki, masitepe, makomo, ndavomera, ngakhale mtima ukuwawa. Koma pa galimoto tisagonje. Kodi zimaloledwa kutsutsa?

aZimba (mlembi): Zimaloledwa. Lamulo loyendetsera mapulani ndi la 2016, linalowa m'malo mwa lija la 1988, ndipo munthu wosakhutira ndi chigamulo ali ndi mwayi wochita apilo. Koma ife sitinafike pamenepo, poti sanatikanire. Tingolemba kalata yoyankha mfundo ndi mfundo. Zinayi tivomere. Pa yachisanu tipemphe malo a galimoto 4, amodzi akhale pafupi ndi khomo la wolumala, tifotokoze kuti alendi athu ndi otani, ndipo tionetse pa pulani chimene taika pamalo otsalawo. Tikangoti sitikufuna, aziona ngati tikuthawa ndalama. Akaona bwalo lojambulidwa bwino ndi makhitchini ake, nkhani ikhala ina.

aNambewe (Leeds): Nanga akafunsa kuti mawa alendi akadzagula galimoto?

aZimba (mlembi): Funso limenelo adzafunsadi, ndipo ndi loona. Nyumba imakhala zaka zambiri kuposa alendi ake oyamba.

aMwale (mphunzitsi): Ndiye tilembe m'malamulo a gulu kuti nyumbazi ndi za ndani, lendi izikwera motani, ndipo bedi sitichititsa lendi. Pepala limenelo lipite limodzi ndi kalatayo. Likatithandiza ku khonsolo, komanso lidzatimanga ife tomwe, chifukwa tsiku lina wina pagulu pano adzati tikweze lendi poti ena akulipira zambiri.

aBanda (Joni): Mukunena ine aphunzitsi?

aMwale (mphunzitsi): Sindinatchule dzina achimwene.

aNaphiri (Matawale): Ine pempho langa, pokakumana ndi wojambula pakhale amayi awiri kapena atatu amene akukhala nyumba za lendi panopa. Osati ife tokhatokha a makomo athu. Ndili nawo anzanga a kumsika amene angabwere.

aPhiri (wapampando): Zamveka. Loweruka 9 koloko tikumane papoloti, aMbewe, aNaphiri ndi amayi awo, wojambula ndi ine. aZimba yambani kalata ija, muiponye pano tiione isanapite. aNachisale, bajeti ziwiri: ya mafulati 12 ndi ya 10, ngati angakakamire galimoto 8. A kunja amene simunapereke ya mwezi uno, msungichuma akudikira.

Agogo aNkhoma: Mukapite ndi khasu, mukaone pamene madzi amadutsa musanajambule kanthu. Ndipo aneba a chitsime aja muwaitane, asadzamvere kwa ena.

aBanda (Joni): Ndatumiza ya miyezi iwiri. aNachisale taonani ngati yafika.