Thandizo: ma VCD a kung fu akutulutsa zinenero ziwiri nthawi imodzi

Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi ma VCD (madisiki a vidiyo) a mafilimu oseketsa a kung fu a ku Hong Kong, a chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, aja opangidwa ndi ndalama zochepa, momwe mkulu wa imvi amaphunzitsa mnyamata ndewu pomusenzetsa zidebe zamadzi. Ndikufuna kuwaika pa fulashi kuti tizionera pa TV, koma zinthu ziwiri zandikanika.

Vuto lalikulu ndi mawu. Ma VCD amenewa anaika Chikantoni ku sipika imodzi, Chimandarini ku inayo. Pa DVD player mumangodina batani la L/R basi. Koma ndikakopera fayilo ya filimuyo, AVSEQ01.DAT, kuchokera mu foda ya MPEGAV ya pa disikipo n'kuisintha dzina kukhala .mpg, TV imalankhulitsa zinenero zonse ziwiri pamodzi, phokoso lokhalokha. Mu VLC, pulogalamu yoonera mafilimu pa kompyuta, ndimasankha Left zikumveka bwino, koma fayiloyo payokha sisintha.

Lina ndi la disiki yachiwiri ya filimu imodzi. Imaima pakati pokopera n'kulemba kuti CRC error, kutanthauza kuti malo ena pa disikipo sakuwerengeka bwino. Ndaipukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, ndayesanso drive ina, osatheka. Chonsecho pa player imafika kumapeto, chithunzi kungosweka timabokosi pa ndewu yomaliza.

Ndiye ndikupempheni, ndi pulogalamu iti yaulere pa Windows 10 imene ingatenge mbali imodzi yokha ya mawu n'kupanga MP4, osadula chithunzi cha 352x288, poti mawu achingelezi anamatidwa pansi penipeni? Nanga ilipo yokopera disiki yokandika modumpha malo owonongekawo?